Makina osutira opanda utsi: ganizani kaye musanaitanitse ku Joni

Pali funso lomwe layamba kundipeza pafupipafupi masiku ano, makamaka kuchokera kwa amayi achichepere apabanja. Ena amandiimitsa pamsika wa pa boma pano pa Dedza, ena amachita kubwera kunyumba ngati akudzagula mbatata ya kachewere, koma nkhani yake imakhala imodzimodzi: "Anesi, bambo akunyumba akuti asiya ndudu, koma ati tigule kaye makina osutira opanda utsi. Achimwene awo ali ku Joni akuti atumiza tikapeza ndalama. Tivomere?"

Ndagwira unamwino zaka zoposa 30, ndipo bambo wonena yekha kuti akufuna kusiya ndudu sindimuseka ayi. Ameneyo wayamba bwino. Koma ndalama ya makinawo ndi yomweyo ya fetereza ndi fizi, choncho tiyeni tione kaye chinthu chikufuna kulowa m'nyumba mwanucho.

Zinthuzi zilipo za mitundu ingapo ndipo anthu amazisokoneza. Pali tija tooneka ngati cholembera, ta madzimadzi onunkhira ngati maswiti, tomwe achinyamata m'tauni amati vape. Timeneto tinayambira ku China mu 2003 ndi katswiri wa mankhwala dzina lake Hon Lik. Pali zina zotenthetsa timitengo ta fodya topangidwa kufakitale, monga IQOS ya kampani ya Philip Morris yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2014 ku Japan ndi ku Italy. Ndiye pali zachitatu, zomwe ndi nkhani yathu lero: makina okhala patebulo, olumikiza kumagetsi ngati ketulo, omwe mumathiramo masamba ouma. Otchuka kwambiri ndi a Volcano, opangidwa ndi kampani ya Storz & Bickel ku Tuttlingen m'dziko la Germany, omwe anafika pamsika mu 2000. Amenewa amapopera nthunzi m'thumba lapulasitiki looneka ngati chibaluni, munthu n'kumakoka m'thumbamo. Ena mmalo mwa thumba ali ndi kapaipi.

Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Nsonga ya ndudu, munthu akamakoka, imatentha mpaka kufika madigiri pafupifupi 900. Pamoto woterowo ndi pomwe pamabadwa phula lija limadetsa mapapo, komanso mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwewo umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mu utsi wa ndudu muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amadziwika kuti amayambitsa khansa. Makinawa satentha tsamba mpaka kuyaka. Amangoliwamba pa madigiri apakati pa 180 ndi 210, kuti litulutse nthunzi popanda moto. Ndiye n'zoona kuti zoipa zobwera ndi moto zimachepa. Ogulitsa sanama pamenepo.

Chomwe sanena n'chakuti chimene chimamanga munthu ku fodya si utsi, ndi nikotini, ndipo nikotiniyo amatuluka bwinobwino m'nthunzimo. Mtima umathamangabe, mitsempha ya magazi imafinyikabe, chibaba chimakhalapobe. Kwa bambo wa BP imeneyi si nkhani yaing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena poyera kuti fodya wotenthetsa ndi fodya ndithu, ndipo kuchepa kwa zoipa zina sikutanthauza kuti ngoziyo yatha.

Tsopano pali mawu ena omwe ndiyenera kuwanena mosapsatira, poti pano tikulankhulana akuluakulu. Makina apatebulowa sanatchuke chifukwa cha fodya. Kumene amapangidwako, ambiri amawagulira chamba. Mawu oti "masamba ouma" olembedwa pabokosi ndi ulemu chabe. Choncho mayi, mwamuna wanu kapena mnyamata wanu wa ku sekondale akati akufuna makina amenewa, mufunseni modekha kuti azithiramo chiyani. Osafunsa mokalipa pagulu, koma funsani ndithu. Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kwa okhawo omwe ali ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Lamulolo silinalole kusuta chamba chongosangalatsa mutu. Wapolisi akachipeza m'nyumba mwanu sadzafunsa ngati mumachiyatsa ndi machesi kapena mumachiwamba ndi makina a ku Germany.

Ndipo ku mbali ya ubongo, makinawa sachotsa kalikonse. Mphamvu yoledzeretsa ya m'chamba, yotchedwa THC, imafika yonse. Ife amene tinaperekezapo anyamata omangidwa manja kupita ku chipatala cha amisala ku Zomba timadziwa kuti chamba chimatha kudzutsa matenda a maganizo, makamaka kwa woyamba ali wamng'ono, wosuta tsiku ndi tsiku, kapena yemwe kumtundu kwawo kuli kale vutoli. Utsi umanunkha, kholo limadziwa msanga. Nthunzi fungo lake silichedwa kutha. Kwa kholo la mwana wa zaka 16, chimenecho sindingachitche ubwino.

Tibwerere kwa bambo wa fodya weniweni, wa ndudu za m'sitolo kapena chingambwe chopichira papepala la kope. Tinene kuti wasuta zaka 20, wayesa kusiya kangapo n'kulephera, ndipo watsimikiza zogula makina. Ndingamuuze zotani?

Choyamba ndimufunsa za magetsi. Makina apatebulo alibe batire. Ngati mumakhala ku Mayani kapena kumtunda kwa Bembeke komwe nyumba yanu ilibe waya, nkhani yathera pomwepo, chifukwa kasola kochajira foni sikangakoke chinthu chotenthetsa. Ngakhale pa boma, magetsi akazima madzulo chibaba sichizima nawo, ndipo bambo adzatuma mwana kuokala kukagula ndudu ziwiri. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Munthu wosuta makina kunyumba, ndudu kumunda ndi kumaliro, sanasiye chilichonse. Wangoonjezera. Ngakhale ndudu imodzi patsiku imakweza kwambiri chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Phindu la kusintha limaoneka pokhapokha ndudu zathetsedwa zonse, ndipo makina olemera osanyamulika sathandiza mlimi yemwe tsiku lonse amakhala kudimba.

Ngati magetsi alipo, onani za mphamvu yake. Kuno timagwiritsa ntchito ma volts 230, chimodzimodzi ku South Africa, kungoti pulagi yawo ndi ya mano ozungulira pomwe yathu ndi ya mano a makona. Za ku America n'za 120, ndipo mukazilumikiza kuno zimapsa tsiku lomwelo. Onaninso kuti makinawo ali ndi posinthira kutentha poonetsa manambala. Kupyola madigiri 230 tsamba limayamba kupserera, ndiye kuti mwabwerera ku utsi womwe mumauthawa. Chizindikiro chake n'chapafupi: zotsalira zikhale zofiirira ngati chimanga chokazinga bwino. Zikada ngati makala kapena kusanduka phulusa, makinawo akuotcha. Opititsa mpweya wotentha m'kati mwa masamba amapsereza mochepa kusiyana ndi omwe masamba amagona pachitsulo chamoto.

Njira yodutsa nthunziyo ikhale ya galasi, chitsulo chosachita dzimbiri kapena dothi lowotcha. Makina otchipa osadziwika kwawo amakhala ndi pulasitiki ndi guluu pafupi ndi potentha, ndipo zimenezo mumakoka limodzi. Enieni ndi odula, madola mazana angapo, ndalama yogula matumba angapo a fetereza. Wina akakuuzani kuti ali ndi Volcano ya mtengo wa wailesi, dziwani kuti ndi yachinyengo. Funsaninso kuti thumba likang'ambika kapena kasefa kakatsekeka, china mudzachipeza kuti, chifukwa pa Dedza pano palibe amisiri ake.

Za ukhondo ndilankhule ngati namwino. Thumba ndi kapaipi zimasunga chinyontho ndi phula. Zimafuna kutsukidwa ndi kuumitsidwa. Ndipo chonde, chikhalidwe chija chopatsirana ndudu pabwalo la bawo chisalowe pamakina. Anthu anayi kuunjikana m'kachipinda kotseka, kukoka pakamwa pamodzi, wina akutsokomola, imeneyo ndi njira ya chifuwa chachikulu. Wosuta fodya ali kale pachiopsezo chachikulu cha TB kuposa wosasuta. Musathiremo mafuta kapena madzimadzi ogula kwa anthu oyendayenda. Mu 2019 ku America kunabuka matenda a mapapo pakati pa osuta ma vape. Pofika February 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira. Anapeza kuti gwero lalikulu linali mafuta otchedwa vitamin E acetate omwe ogulitsa mozemba ankasakaniza m'madzi a chamba.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi mawu oti "patebulo". Tebulo lili m'nyumba. Kwathu kuno mu Juni ndi Julaye, chisanu chikatsika m'phiri la Dedza, timatseka mazenera, kutsekera ndi nsanza m'mipata ya chitseko, mbaula pakati, ana onse m'chipinda chimodzi. Bambo wosuta ndudu, akakhala waulemu, amavala jekete n'kutuluka panja. Akagula makinawa sadzatulukanso, poti wauzidwa kuti alibe utsi. Ndiye mpweya womwe akutulutsa, wokhala ndi nikotini ndi tizinthu tina tosaoneka, ukupita m'mapapo a khanda logona pamphasa pomwepo. Nyengo yozizira m'wodi ya ana mumadzaza chibayo ndi mphumu, ndipo nthawi zambiri ndikanyamula mwana wobanika ndinkamva fungo la fodya pa bulangeti lake ndisanafunse n'komwe za kunyumba. Mayi woyembekezera wopuma utsi wa mwamuna wake amatha kubereka mwana wochepa sikelo. Nikotini amadutsa m'chiberekero kukafika kwa mwana, ndipo zilibe kanthu kuti wachokera pa ndudu, pa makina kapena pa fodya wa m'mphuno ndi wa pansi pa lilime amene agogo athu amakonda. (Inde agogo, inunso ndikukunenani.) Choncho makinawo akabwera, malo ake ndi pakhonde kapena m'kanyumba kapadera, ndipo akazizira atsekeredwe pamodzi ndi fodya wake. Mwana wokwawa amakoka waya, amagwira chotentha, amatafuna chilichonse. Fodya wochepa chabe amatha kudwalitsa mwana wa chaka chimodzi mpaka kusanza ndi kukomoka.

Maganizo anga ndi awa: kwa mabanja ambiri omwe ndimawadziwa, makinawa ndi njira yodula yozengerezera kusiya. Tili m'dziko lomwe fodya ndi mbewu yobweretsa ndalama zakunja zochuluka, ndipo tinachedwa kulowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mpaka 2023. N'chifukwa chake thandizo la osiya fodya silimvekamveka. Koma lilipo. Pali timapepala tomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini, zomwe WHO inaziika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009. Zimapereka nikotini wochepa, woyezedwa, wopanda utsi kapena nthunzi yoti ana apume, ndipo mlingo wake umatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka kusiya. Kafunseni ku mafamase akuluakulu a ku Lilongwe, ulendo wake ndi wa minibasi imodzi. Wa matenda a mtima ndi mayi woyembekezera ayambe aonana ndi dokotala. Kwa amene wagwidwa ndi chamba kapena mowa pamodzi ndi fodya, a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu otere, ndipo kuchipatala cha boma kuli anamwino a matenda a maganizo omwe mungayambire.

Kusiya kumawawa, tisanamizane. Masiku atatu oyamba ndiye ovuta zedi: mutu, kusowa tulo, njala, ukali wopanda chifukwa. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi zambiri zimaphwa. Chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa n'kudutsa, ndiye munthu akhale ndi chochita pa mphindi zimenezo, kaya kumwa madzi, kutafuna mtedza kapena nzimbe, kaya kuzungulira munda. Thupi silichedwa kuyamika. Pakatha maola 12 carbon monoxide uja amakhala atatsika m'magazi, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi pafupifupi theka.

Inu amayi, mbali yanu ndi yaikulu koma si ya upolisi. Kununkhiza malaya ndi kusecha m'matumba kumangophunzitsa munthu kubisa. Gwirizanani tsiku losiyira, ndipo lisakhale la m'sabata ya ukwati kapena ya chiliza pomwe mowa ndi ndudu zimayenda. Chotsani machesi ndi zotsalira za fodya m'nyumba. Pa sabata yoyamba ija, bambo akakalipa chifukwa cha mchere wa m'ndiwo, dziwani kuti akulankhula ndi nikotini, ngakhale kuti kutukwana ndi kumenya zilibe chowiringula. Ndalama ya ndudu ya tsiku lililonse iziponyedwa m'chitini poonekera, aziiona ikukwera. Akaterereka n'kusuta imodzi kumaliro, musamuimbe mlandu ngati wapha munthu. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Sankhani tsiku lina muyambirenso.

Ndipo ngati bambo akhala akutsokomola kwa milungu iwiri kapena kuposa, akutuluka thukuta usiku, akuonda kapena aona magazi m'makhololo, za makina ziyambe zaima. Apite akapereke makhololo kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ku Lobi, ku Mtakataka kapena pa boma. Kuyezetsa TB ndi mankhwala ake m'zipatala za boma n'zaulere.