Sitima ikamachedwa, ndandanda ndiye iyambe kunena zoona

Kwathu ku Madziabango njanji sidutsako, koma aliyense wochita geni ku Blantyre kumidzi amaidziwa siteshoni ya Lirangwe, pa njanji yochoka ku Limbe kulowera ku Nkaya ndi Balaka. Sitima imanyamula zomwe minibasi ingakulipiritse ngati wakwera ndi abale atatu: matumba a chimanga, madengu a tomato, nkhuku. Ichi ndi chifukwa chake ndimati nthawi yolembedwa pa ndandanda ya sitima ndi nkhani ya ndalama za anthu osauka, si ya mainjiniya okha.

Njanji yathu ndi imodzi, yopita ndi yobwera yomweyo. Sitima ziwiri sizingadutsane paliponse koma pamalo opatukirana, pomwe ina imaima kuti inzake ipite. Ndiye ikachedwa imodzi, yoidikira nayo yachedwa, ndipo kuchedwako kumapatsirana ngati chimfine. Pa Nkaya ndiye pamavuta zedi. Apa pamakumana njanji ya ku Limbe ndi ija inamangidwa ndi kampani ya Vale, yomwe sitima za malasha ochokera ku Moatize zimadzera popita ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Sitima zimenezi ndi zazitali, zolemera, ndipo ndizo zimabweretsa ndalama. Sindidabwa kuti ya anthu ndiyo yosavuta kuiimitsa.

Maganizo anga ndi oti ndandanda izilembedwa ndi mpata wopumira. Ngati ulendo umatenga maola anayi zonse zikayenda bwino, musalembe maola anayi, chifukwa zonse siziyenda bwino tsiku lililonse. Onjezerani mphindi, koma osangozimwaza paliponse. Ziikeni sitima isanafike pamphambano ngati pa Nkaya, kuti yochedwa pang'ono ipezebe nthawi yake yodutsira, isakhale kudikira malasha. Ku Switzerland, komwe kuyambira 1982 sitima zimanyamuka pa mphindi zomwezomwezo ola lililonse, amachita zimenezi dala: sitima imatha kuthamanga kuposa momwe ndandanda ikunenera, ndipo mphindi zotsalazo ndizo zimameza kuchedwa.

Mpata wina ndi wapasiteshoni. Wolemba ndandanda ali muofesi angaganize kuti mphindi ziwiri zikwana pa Lirangwe. Akayeseko kukweza matumba khumi m'bogi, mwana ali kumsana, ogulitsa nthochi akudutsa pakhomo pomwepo. Katunduyo si chosokoneza ayi, ndiye ulendowo. Nthawi yake iwerengedwe.

Komanso dzinja likhale ndi ndandanda yakeyake. Mvula ikakokolola dothi pansi pa njanji, woyendetsa amayenera kuchepetsa liwiro, ndipo tonse tinaona mu Malichi 2023 zomwe namondwe Freddy anachita ku misewu ndi milatho ya kummwera kuno.

Anzanga ena amati ukalemba nthawi yaitali ndiye kuti walola ulesi. Pang'ono akunena zoona; mpata ukachuluka sitima imangokhala pasiteshoni anthu akupsa ndi dzuwa. Komabe mayi wa tomato akauzidwa kuti sitima ifika 5 koloko n'kufikadi, amapangana ndi wakabaza, amadziwa kuti alowa m'nyumba kusanade. Akauzidwa 3 koloko n'kufika 8 koloko usiku, wakabaza wapita kale, wotsalayo wakweza mtengo, ndipo phindu la dengu lija lathera panjira yochoka pasiteshoni.