Nsomba Zathu ndi Madzi Otentha a Kutali

Abale anga alimi a kuno ku Mulanje, ndiri ndi mlandu umene ndifuna kuulula kwa inu. Dzinja la 2023 lisanayambe, a Boma oona za nyengo anacenjeza kuti kuli El Niño, ndi kuti mvula idzacepa kuno kumwera. Ine mlangizi wanu ndinayenda m'midzi kunena za cimanga cokhwima msanga, cinangwa ndi mbatata. Za nsomba sindinanene kanthu. Mkulu wina amene ali ndi madamu awiri kunsi kwa phiri anandifunsa, "Alangizi, kodi ndiike ana a nsomba monga mwa zaka zonse?" Ndinati, "Ikani bambo." Pofika February kasupe wao anafooka, madzi anatsala olekeza m'maondo, ofunda ngati osamba. Madzi otere sasunga mpweya wokwanira. M'mamawa makumba anali kuyasama pamwamba, ndipo bambowo anawavuula akali ngati zala ziwiri.

Kodi El Niño nciani? Ndiko kutentha kwa madzi a nyanja yaikuru ya Pacific, ca ku dziko la Peru. Inu mudziwa kuti mtsuko waukuru sufunda msanga, ndipo ukafunda suzizira msanga. Cotero akatswiri amene amayesa madziwo ndi zida zoyandama atha kuona kutenthako kukali miyezi ingapo, nadziwa kuti mphepo ndi mvula zidzasokonezeka kufikira kwathu kuno. Asodzi a ku Peru anaphunzira mowawa. Mu 1972 madzi anatentha, iwo napitirira kukoka, ndipo nsomba zao zazing'ono zonga usipa zinasowa zaka zambiri. Mu 2023 Boma lao linaletsa nyengo yoyamba ya usodziwo kuti mbeu itsale.

Musati izi nza kutali. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imacokera m'phiri lathuli nitsira m'nyanja ya Chilwa, kumene kucokera matemba amene amai amagula pamsika. Nyanjayo njosazama, ndipo iribe mtsinje woturuka. Dzuwa ndilo limamwa madzi ace. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikuru inasanduka matope ong'aluka. Siuma caka cimodzi ai, koma mvula ikacepa zaka zotsatana. Zikatero matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'maiwe a mitsinje. Zimenezo ndizo mbeu ya nyanja, ndipo wothira katupe m'dziwe lotere wapha ndiwo za boma lonse.

Tsono mukadzamvanso cenjezo lotere pa wailesi, kuzani damu dzinja lisanafike kuti madzi apyole m'cuuno, ikani nsomba zocepa, ndipo mukaona zikuyasama m'mamawa lekani kuthira manyowa, muvuule zazikuru. Mkulu uja sanandikwiyire. Anangondituma kuti ulendo wina ndikamva za El Niño, ndiyambe kwa iwo ndisanapite kwa a cimanga.