Mankhwala anachoka kutchire, abwera pakhomo

Ndili mwana ku Kaporo, mankhwala ankakhala kutchire. Wina akadwala m'mimba, agogo ankalawirira ndi kakhasu ndi chikwanje, mame asanaume, n'kulowera kumapiri. Ankabwerako ndi khungwa la muwawani, lowawa ngati ndulu. Posenda ankasenda mbali imodzi yokha, n'kumata dothi pabalapo kuti mtengo usafe. Ndikawafunsa dzina la muzu wina, ankangoti, "Ukadzakula."

Ndinakula tchire lija litatha. Minda ya chinangwa inakwera mapiri, otentha makala n'kumaliza zotsala. Agogo anamwalira ndi mayina ambiri m'mutu mwawo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zimene tili nazo tsopano n'zodzala tokha. Kuseri kwa nyumba yanga kuli nimu, amene kutentha kwa kunyanja kuno sikumuopsa. Kuli mandimu a chimfine, adyo, ndi mpungabwi umene timafukiza madzulo pothamangitsa udzudzu wochokera m'minda ya mpunga wa Kilombero. Pampanda pali chammwamba: ukazika nthambi m'dzinja, imaphuka yokha. Masamba ake timayanika pamthunzi, n'kusinja, n'kuthira m'phala la ana ndi la odwala. Ndinaona ufawu ukufala ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, pamene abale athu ankadzuka pamphasa n'kumafuna chakudya chobwezera mphamvu.

Koma dimba ili lili ndi malire. Mnzanga wina anamwetsa mwana madzi a nimu masiku atatu, thupi likutentha. Pofika kuchipatala magazi anali atachepa kwambiri. Mwanayo anachira, koma tonse tinaphunzirapo. Malungo amafuna kuyezetsa magazi ndi kumwa LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 Fansidar atafooka mphamvu. Nayenso LA gwero lake ndi chitsamba, cha ku China, chotchedwa Artemisia annua, koma mlingo wake ndi woyezedwa. Mphika wathu sudziwa mlingo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti chinsinsi chinatha. Kale mudzi wonse unkadalira nkhalamba imodzi ndi kakhasu kake. Lero mayi woyandikana nane amangoitana pampanda, "Anzanga, mundidulireko nthambi ya chammwamba." Ndimadula ziwiri. Mdzukulu wanga akandifunsa dzina la tsamba, ndimamuuza pomwepo, ntchito yake, ndi pamene ayenera kulisiya n'kuthamangira kuchipatala.