Nyumba Yoyera ya ku Urbana

Chimbale choyamba cha gulu la American Football chidatuluka mu 1999, eni ake atayamba kale kubalalika. Mike Kinsella, Steve Holmes ndi Steve Lamos anali ophunzira ku University of Illinois. Atajambula nyimbo 9, sukulu idatha, aliyense n'kulowera kwake. Kampani yaing'ono ya Polyvinyl idachitulutsa mwakachetechete, popanda oimba oti ayende nacho m'mizinda.

Ine chidandipeza patadutsa zaka, m'fulashi ya mnzanga, chitasakanikirana ndi reggae ndi nyimbo zamakwaya. Masiku amenewo nyimbo zinkayenda pamanja. Unkamva zomwe mnzako wakukopera basi, ndipo ukakonda gulu losadziwika unkalikonda wekha. Amene ndinkawamvetsa ankafunsa kuti nyimboyo iyamba liti, pomwe ili pakati.

Sindiwadzudzula. Magitala awiri a m'chimbalechi sathamanga, amangolukana ngati mphasa, lililonse litachunidwa mwamtundu wake. Kinsella amaimba motsitsa, penapake mawu n'kumuthawa. Kenako Lamos, yemwe ndi wang'oma, amatenga lipenga n'kuliza pang'onopang'ono, ndipo apa m'pamene chimbalechi chimandigwira mtima mpaka lero.

Intaneti ndiyo idasintha zinthu. Achinyamata omwe mu 1999 anali makanda adayamba kutumizirana nyimbo ya “Never Meant”. Polyvinyl itachitulutsanso mu 2014, chimbalechi chidalowa pa mndandanda wa Billboard 200, ndipo gululo lidabwererana, matikiti a ku New York n'kutha msangamsanga. Nyumba yoyera ya ku Urbana yomwe ili pachikuto idasanduka malo okajambulitsa zithunzi, moti mu 2023 oimbawo, Polyvinyl ndi anzawo ena adaigula kuti isagwetsedwe.

Ndimakondwa kuti oimbawo adalandira ulemu wawo akadali moyo. Koma ndikaona momwe anthu akuchitira, ambiri akuidziwa nyumbayo kuposa nyimbo zili m'chimbalemo. Foni imakubweretsera chiyambi cha gitala cha “Never Meant”, masekondi ochepa chabe, chala n'kupitirira. Lipenga lija amalifikira ndi ochepa.

Gululi lidatulutsanso zimbale mu 2016 ndi 2019, Nate Kinsella akuimba besi. Zidajambulidwa mwaukhondo, ndipo Mike tsopano mawu amawagwira bwino. Ndimazimvera mwa apo ndi apo, koma sizikhalitsa m'makutu mwanga.