Zimene Kamera Siingathe Kutenga ku Mosi-oa-Tunya

Masiku ano munthu akabwera ku ulendo wa kunja kwa dziko, abale ake sachedwa ndi kumfunsa zimene wakaona, amangoti, "Tationetsani zithunzi." Kamera imene kale inali chuma cha anthu oŵerengeka, lero ili m'foni ya mwana wa sukulu yemwe. Ichi n'chabwino ndithu, koma chili ndi ngozi yake. Munthu angathe kuyenda mtunda wautali, kutha ndalama zimene anasunga miyezi yambiri, nabwerako ataona zonse kupyolera pa kagalasi kakang'ono kokha. Tifuna kukusimbirani, aŵerengi okondedwa, za ulendo wathu wa ku mathithi a Victoria m'dziko la Zambia, malo amene amaonetsa wojambula aliyense pamene mphamvu ya kamera yake ilekeza.

Tinanyamuka ku Lilongwe pa tchuthi cha mwezi wa April, tili aphunzitsi asanu. Tinatulukira pa chipata cha Mchinji, tinadzera ku Chipata, tinaoloka mtsinje wa Luangwa, ndipo tinakagona ku Lusaka, kumene sitinavutike ndi chilankhulo popeza Chinyanja chimamveka pamsika ndi pokwerera mabasi pomwe. M'maŵa mwake tinaloŵera kummwera, kupyola minda ya nzimbe ya ku Mazabuka ndi ng'ombe za Atonga za ku Monze ndi Choma, kufikira mzinda wa Livingstone. Mzinda umenewu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Kuchokera pamenepo kukafika ku mathithi ndi makilomita ngati 10 okha.

Mathithiwa munthu amayamba waŵamva asanaŵaone. Tili kutali tinaona chinthu choyera ngati utsi wa lupsa chitaima pamwamba pa mitengo, ndipo tinamva kugunda kosalekeza ngati kwa mvula imene ikudza koma yosafika. Pamenepo tinazindikira chifukwa chake Amakololo anaŵatcha Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi wogunda. Amakololo omwewo ndiwo anatenga David Livingstone pa bwato, pa 16 November 1855, nakamtsitsa pa kachilumba kamene kali pakamwa penipeni pa mathithi. Iye anasuzumira m'phompho, napatsa malowo dzina la Mfumukazi Victoria. Ena a mtundu umenewu anadzatsagana naye pambuyo pake kufika kuno kwathu, nakhazikika ku chigwa cha Shire, kumene anasanduka mafumu. Kotero sitinadzimve alendo kotheratu.

Mtsinje wa Zambezi pamalo pamenepa ndi wotambalala mamita 1,708, ndipo madzi ake onse amagwera m'mng'alu wa thanthwe lakuda umene pozama pake ndi mamita 108. Chodabwitsa n'chakuti mng'aluwo ndi wopapatiza, kotero kuti woonerera amaima tsidya lina moyang'anizana ndi madzi akugwawo, pafupi zedi. Apa ndipo pagona vuto loyamba la wojambula. Palibe poima pamene mathithi onse angaloŵe m'chithunzi chimodzi. Ukaloza kamera kuno, wasiya uko. Chimene utenga ndi kachigamba chabe, monga munthu woti afotokoze nyanja ya Malaŵi atanyamula madzi a m'chikho.

Vuto lachiŵiri ndi madzi. Miyezi ya March, April ndi May mtsinje umakhala wodzaza, ndipo madzi akamenya pansi amabwereranso kumwamba ngati nkhungu, nagwa ngati mvula ya mkuntho ngakhale kumwamba kulibe mtambo. Pooloka kamlatho kopapatiza kotchedwa Knife-Edge tinanyoŵa mpaka m'nsapato, ngakhale tinavala majasi a mvula obwereka pa chipata. Kamera yosakulunga m'pepala la pulasitiki siikhalitsa pamenepo, ndipo amene alimba mtima naitulutsa amangojambula kuyera kokhakokha. Anthu a komweko anatiuza kuti wofuna zithunzi zooneka bwino adze mu October kapena November, madzi ataphwa. Koma nyengo imeneyo mbali yaikulu ya ku Zambia imatsala thanthwe louma, ndipo kugunda kuja kumachepa. Tsono mlendo asankhe: kuona mathithi ali mu ukali wawo nabwerako ndi zithunzi zochepa, kapena kujambula bwino matanthwe madzi atachoka.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachiŵiri tinalaŵira m'mamaŵa, tinakaima kumapeto a kum'maŵa kwa phompho, dzuŵa lili kumbuyo kwathu. Pamenepo utawaleza unatuluka m'nkhungu muja, wathunthu, wina wozilala uli pamwamba pake. Ana athu a sukulu adziŵe kuti utawaleza umaoneka pokhapokha kuŵala kukuchokera kumbuyo kwa woonerera ndi kugwera pa timadontho ta madzi tili patsogolo pake. N'chifukwa chake wojambula wodziŵa amayang'ana kumene kuli dzuŵa asanayang'ane mathithi. Chithunzi chimene tinatenga nthaŵi imeneyo ndicho chokha chimene tikuchinyadira. Ndipo mwezi ukakhala wathunthu, madzi ali ambiri, kuŵala kwake kumapanganso utawaleza wa usiku, umene maso amauona wotuŵa, koma kamera yokhazikika pa miyendo yake, yotsegulidwa kanthaŵi, imautulutsa ndi mitundu yake. Apa tivomereze kuti kamera iposa diso.

Kumunsi kwa mathithi kuli mlatho wachitsulo wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene unatha kumangidwa mu 1905. Zitsulo zake zinasulidwa ku England, zinadza pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, ndipo zinafika pamalopo pa njanji. Cecil Rhodes ndiye anafuna kuti mlathowo ukhale pafupi chotero, kuti nkhungu ya mathithi izigwera pa sitima zodutsa, koma iye anamwalira mu 1902 osauona. Poima pamenepo, mamita 128 pamwamba pa madzi, tinaona zigwembe zokhotakhota zimene mtsinje umadzeramo. Chigwembe chilichonse chinali mathithi pa nthaŵi yake, madzi asanadye thanthwe ndi kubwerera m'mbuyo. Ichi chithunzi sichinena. Afunika munthu wofunsa ndi womvetsera.

Za kufunsa tinenepo mawu aŵiri, pakuti safunsa anadya phula. Pa chipata cha mathithi pali amisiri ogulitsa ziboliboli, ambiri a iwo ochokera m'mudzi wa Mfumu Mukuni. Tinaona alendo ena akuŵaloza ndi kamera osapereka ndi moni womwe, ngati akujambula mitengo. Ife tomwe sitikondwa mlendo akatijambula tili pamtondo kapena pamaliro osatipempha. Tsono tisachitire ena chimene chimatiŵaŵa. Perekani moni, pemphani, ndipo akakana, thokozani ndi kupita. Pa zipata za malire musatulutse kamera musanafunse a boma. Anyani a kumeneko nawonso ndi ozoloŵera anthu, ndipo salephera kutsomphola thumba la munthu amene maso ake ali pa foni.

Kwa inu achinyamata tili ndi chenjezo lolemera koposa. Miyala ya m'mphepete mwa phompho ndi yoterera chaka chonse, ndipo si ponse pali mpanda. Tinaona mnyamata wina akubwerera chafutambuyo, foni ili m'mwamba, kufuna kuti nkhope yake ndi mathithi ziloŵe pamodzi, kufikira mlonda anamkalipira. Palibe chithunzi chimene mtengo wake ulingana ndi moyo, ndipo anzanu amene mufuna kuŵadabwitsa adzachiyang'ana kamphindi chabe napitirira.

Tisanabwerere tinaloŵa m'nyumba yosungiramo zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, momwe muli makalata ndi katundu wina wa Livingstone. Tinakumbukira kuti iye anadziŵitsa dziko lake za mathithiwa ndi cholembera, ndipo Thomas Baines, amene anafika mu 1862, anakhala masiku ambiri akuŵajambula ndi dzanja. Anthu amenewo anayenera kuyang'anitsitsa, chifukwa chimene sanachisunge m'mutu ndi papepala chinali chotayika. Ife tili ndi zipangizo zoposa zawo, koma kudekha kwawo kwatichepera.

Tsono makolo ndi ana amene mudzapeza mwayi wa ulendo wotere, kaya ku Zambia kaya kwina, langizo lathu ndi ili. Mukafika, kamera iyambe yakhala m'thumba. Imani, penyani, mverani, funsani dzina la malo ndi tanthauzo lake. Pambuyo pake jambulani zithunzi zochepa zosankhidwa bwino, ndipo madzulo lembani m'kabuku tsiku, malo ndi zimene munamva. Mukadzafika kwanu, agogo amene maso awo anachita chidima sadzapindula ndi zithunzi mazana aŵiri. Adzafuna kuti muŵauze mmene nthaka inkanjenjemera, mmene mvula inagwera kuchokera pansi, ndi mmene munalephera kumvana ndi mnzanu ali pambali panu. Zimenezo zimanyamulidwa ndi munthu amene anaima naona.