Kaloko ka pa foni sikakuuza mtima wa mwini tsamba

Chifukwa ndinafika ku yunivesite, abale kwathu ku Milepa amanditenga ngati dokotala wa mafoni. Sabata siyitha osalandira uthenga pa WhatsApp wofunsa ngati linki yakutiyakuti ndi yoona.

Mwezi watha anali msuweni wanga amene amagulitsa tomato pamsika. Anapeza tsamba lolonjeza ngongole ya bizinesi, koma linkafuna nambala ya chiphaso cha unzika ndi PIN ya ndalama za pafoni. "Asuweni, komatu lili ndi kaloko. Si ndiye kuti n'lotetezeka?"

Kaloko kaja, pamodzi ndi zilembo za https, zimasonyeza kuti tsambalo lili ndi satifiketi. Ganizirani za chiphaso cha NRB. Timachikhulupirira chifukwa chinatuluka ku bungwe lodziwika. Pa intaneti palinso mabungwe otere, monga DigiCert ndi Let's Encrypt, ndipo foni imabwera ndi mndandanda wawo kale. Mukatsegula tsamba, foni imaona ngati dzina la pa satifiketi likugwirizana ndi la tsambalo, ngati masiku ake sanathe, komanso amene anasayina. Zonse zikakhala bwino, zomwe mukulemba zimayenda zobisika, moti wina panjira sangaziwerenge.

Koma wakuba nayenso amakhala ndi chiphaso. Kuyambira 2015, Let's Encrypt imapereka masatifiketi ulere, ndipo imangotsimikiza kuti wopemphayo ndi amene akuyendetsa dzina la tsambalo. Za khalidwe lake safunsa. N'chifukwa chake mu 2023 Google inachotsa kaloko mu Chrome, itaona kuti ambiri amakamva molakwika.

Titawerenga dzina la tsamba la msuweni chilembo ndi chilembo, tinapeza kuti likungotsanzira la banki ina, ataonjezera mawu kumapeto. Mpamba wa tomato unapulumuka.

Masiku ano ndimauza abale zinthu zitatu. Foni ikachenjeza kuti tsamba si lotetezeka, yang'anani kaye ngati deti la pafoni lili bwino. Ngati lili bwino, bwererani. Dzina la tsamba muzilemba nokha m'malo modina linki ya pagulu. Ndipo PIN ndi yanu nokha, wobwereketsa ndalama alibe nayo ntchito.

Lamulo lolanga akuba a pa intaneti lilipo m'Malawi kuyambira 2016. Komabe ndalama ya fizi ikapita, mwana amabwezedwa kusukulu mlandu usanayambe n'komwe.