Ndiwo Zathu ndi Nyengo Zake

Amayi anzanga, kuno ku Mulanje munda wa banja ndi kachigamba chabe, pakuti malo aakulu adapita ku tiyi. Komabe kachigamba komweko kangathe kupereka ndiwo chaka chathunthu ngati mayi adziŵa kuŵerenga nyengo.

M'dzinja ndiwo sizisoŵa. Mvula ikangogwa, bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha, ndipo nkhwani ndi khwanya zimatsatira. Chovuta m'dzinja ndi kunyoza. M'gulu lathu la amayi ndimamva ena akudandaula kuti, "Lero kwathu kulibe ndiwo," pamene kuseri kwa nyumba bonongwe wafika m'mawondo. Kwa iwo ndiwo ndi usipa kapena nyama basi. Chonsecho alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndipo masamba ndi gulu paokha. Ndi amene amathandiza magazi ndi kuteteza maso a ana. Koma soda, amayi! Ndiye wotibera. Amafeŵetsa masamba msanga, inde, koma amaononga mavitamini ena. Phikani masamba nthaŵi yochepa, madzi pang'ono, m'poto movundikira, ndipo mutsire nsinjiro kapena kadontho ka mafuta kuti thupi lilandire bwino zofunikazo.

Ntchito yeniyeni ili m'Malichi ndi m'Epulo, pamene masamba achuluka mpaka kutayika. Apa ndi pofutsa. Ŵiritsani masamba pang'ono chabe, muyanike pa mphasa yoyera, makamaka pamthunzi podutsa mphepo, popeza dzuŵa laukali limachotsa mphamvu yake. Akauma, mangani m'zikwatu monga ankachitira agogo athu, muzipachike pouma. Atsikana ena amati mfutso ndi wa osauka. Ine ndimawayankha kuti adikire Okutobala, pamene kampukutu ka repu pa msika wa Limbuli kapena pa Chitakale kamachepa, mtengo n'kukwera. Tidaonanso m'Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola madimba ndi minda: amene nyumba zawo zidapulumuka adazindikira mtengo wa kanthu kouma kosungidwa kudenga.

Chiperoni chikayamba kutsika m'phiri m'Juni ndi m'Julayi, ana amadzaza nyumba ndi chifuŵa ndi chimfine. Nyengo yomweyo nandolo wamuŵisi amayamba kupezeka, ndipo mpiru umakondwa kudimba. Chigwada ndi kholowa sizitaya mwini wake. Kalongonda wathu wa Chilomwe musamuchitire changu: muŵiritseni nthaŵi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, chifukwa wosapsa amazunguza mutu.

Thupi limene limadya ndiwo zimenezi lifunikanso kuliongola. Anthu a ku India ali ndi maseŵera otchedwa yoga, otambasula thupi mwapang'onopang'ono ndi kupuma mwakuya. Ife amene timaŵerama tsiku lonse ndi khasu kapena dengu la tiyi kumsana sitisoŵa mphunzitsi wochokera kutali kuti tiyambe. Pa msonkhano wathu, tisanatsegule nkhani, timaimirira, kukweza manja, kupotoza khosi ndi chiuno, ndi kupuma mofatsa. Poyamba amayi ankaseka mpaka misozi. Tsopano ndi iwo amene amandikumbutsa.

Chimene chimandiŵaŵa kwambiri ndi kadyedwe ka mayi mwini. Amapakulira bambo, amapakulira ana, iye n'kukombeza m'poto ali chiimire, mwana ali kumsana. Ameneyutu ndi amene akuyamwitsa, kapena ali woyembekezera. Khalani pansi, amayi, mudzipatulire mbale yanu musanagaŵe zonse, mutafune mosafulumira. Mwana wamng'ono nayenso mumpatse kambale kake, chifukwa pa mbale ya onse akuluakulu amamtherera ndiwo iye akadali pa mbamu yoyamba. Loŵeruka likudzali gulu lathu lidzaphunzira kumanga zikwatu. Aliyense abwere ndi masamba a msuku ndi luzi.